Kupalasa njinga pagulu kuchokera ku Salima mpaka ku Nkhata Bay: mmene mungakonzere ulendo wa pa M5

Kuchokera pa Salima kukafika pa Nkhata Bay kudzera msewu wa kunyanja wa M5 pali makilomita pafupifupi 300. Pa minibasi ndi ulendo wa tsiku limodzi, ndipo munthu amatsika atatopa, asanaone kanthu kupatula misana ya anzake ndi mabeseni a ogulitsa nsomba pa zenera. Pa njinga yakapalasa mtunda womwewu umafuna masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Gulu la anthu wamba, kaya aphunzitsi ali pa holide, achinyamata a kumpingo kapena anthu a ofesi imodzi, likhoza kuumaliza bwinobwino popanda wina kukhala katswiri wa mipikisano, chifukwa msewuwu ulibe zitunda zoopsa kufikira mutayandikira ku Nkhata Bay. Zimene zimagonjetsa anthu ndi dzuwa, mphepo, kupapatiza kwa msewu, ndi gulu lomwazikana chifukwa amphamvu athamangira kutsogolo. Zonsezi mumathana nazo mukadali kunyumba.

Sankhani mwezi, ndipo mphepo ikuuzeni koyambira

Funsani msodzi aliyense wa ku Senga Bay kapena ku Chia, adzakuuzani za mwera. Ndi mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, imene imawomba motsata kutalika kwa nyanja kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kufika Seputembala. Kwa asodzi mwera ndi tsoka, umatsekereza mabwato pa gombe masiku angapo. Kwa wopalasa njinga kulowera kumpoto, mwera ndi mnzake, umamukankha kumsana. N'chifukwa chake ulendowu uyenera kuyambira ku Salima n'kumakwera, osati kuyambira ku Nkhata Bay n'kumatsika. Mukatembenuza, tsiku lonse mudzakhala mukulimbana ndi mphepo pa msewu wooneka wosalala, ndipo ofooka m'gulu adzagwa ulesi tsiku lachiwiri lisanathe.

Miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo yabwino koposa. Kunyanja sikuzizira ngati ku Dedza kapena ku Mzuzu, mmawa kumangokhala kamphepo kokoma, ndipo masana dzuwa limapiririka. Okutobala ndi Novembala musayerekeze. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, malo otsika ndithu, ndipo m'miyezi imeneyo phula limatentha mpaka kumveka m'nsapato nthawi isanakwane 9 koloko. Nyengo ya mvula nayo ili ndi zake: mitsinje yonse yochokera kumapiri a kumadzulo imadutsa msewu umenewu polowa m'nyanja, ndipo ikadzaza imagumula milatho. Madzi osefukira a kumayambiriro kwa 2024 ku Dwangwa adadula M5 imeneyi, anthu n'kusowa podutsa.

Kumbukiraninso kuti mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko ndipo pofika hafu pasiti 5 madzulo limakhala litalowa. Tsiku ndi lalifupi. Lamulo likhale lakuti gulu lanyamuka kukangoyera, ndipo lafika kogona nthawi isanapitirire 3 koloko masana.

Gulu lenileni

Anthu 6 mpaka 12 ndi okwanira. Mukachepa kuposa apo, wina akadwala ulendo wonse umaima. Mukachuluka, mzere wanu pa msewu umatalika kwambiri moti lole yofuna kukupitirirani imasowa polowera, komanso kupeza zipinda zogona pa malo ang'onoang'ono ngati Benga kumavuta.

Gawanani ntchito mwezi usanakwane woti munyamuke, ndipo aliyense adziwe yake. Pakhale wotsogolera amene amadziwa poima ndi pokhota, ndipo palibe womupitirira. Pakhale wosunga thumba la ndalama, wodziwa kukonza njinga, ndi wonyamula mankhwala. Koma ntchito yaikulu kuposa zonse ndi ya munthu wotsalira kumbuyo. Ameneyu asakhale wofooka amene watsalira chifukwa cholephera. Akhale mmodzi mwa amphamvu kwambiri, woleza mtima, wokhala ndi pampu, zigamba ndi foni ya mayunitsi, ndipo asapitirire munthu aliyense wa m'gulu ngakhale atayenda pang'onopang'ono bwanji. Wotsogolera akaona nkhope ya wakumbuyoyu pa malo opumira, amadziwa kuti onse afika, osawerenganso mitu. Ntchitoyi ndi yotopetsa mtima, choncho muzisinthana tsiku ndi tsiku.

Nkhani ya liwiro ikambidwe poyera, pamaso pa onse, musanapereke ndalama. Pa gulu lililonse pamakhala anyamata awiri kapena atatu amene amafuna kuonetsa mphamvu. Auzeni mosabisa kuti liwiro la gulu ndi la munthu wochedwetsetsa, ndipo amene sakugwirizana nazo akonze ulendo wake. Pa msewu woterewu gulu la anthu wamba limayenda makilomita 15 mpaka 18 pa ola likamapalasa, ndipo mukaphatikiza kupuma, makilomita 60 amadya maola asanu kapena kuposerapo. Werengerani pamenepo.

Kukonzekera thupi kumafuna masabata 6 mpaka 8. Yambani ndi makilomita 20 Loweruka, muzionjezera pang'onopang'ono. Kutatsala masabata awiri, gulu lonse lipalase makilomita 50 kapena 60 Loweruka, n'kubwerezanso mtunda womwewo Lamulungu masana kapena Lolemba mmawa, aliyense ali pa njinga imene adzapite nayo komanso atamanga katundu wake. Tsiku loyamba aliyense amalimba. Tsiku lachiwiri ndi limene limaulula chishalo chopweteka, bondo lodandaula ndi munthu amene sadakonzeke. Ndi bwino zimenezi zioneke muli pafupi ndi kwanu kusiyana n'kuti zikaonekere m'njira pa Thavite, kumpoto kwa Salima.

Njinga

Simukusowa njinga yodula. Amalonda a makala ndi a kabaza amayenda msewu womwewu tsiku lililonse pa njinga zopanda magiya. Komabe ya magiya imathandiza pa zitunda za kumapeto, ndipo ya matayala okulirapo ngati ya mauntenibaiki imapirira maenje ndi mchenga wa m'mbali kuposa ya mpikisano ya matayala opyapyala.

Ganizirani za zipangizo zimene zimapezeka m'njira. Pa malo ochitira malonda aliwonse, Khombedza, Benga, Mkaika, Dwangwa, Chintheche, pali wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo amakhala ndi matayala ndi machubu a saizi 26 ndi 28. Ngati yanu ndi ya saizi 29, 27.5 kapena ya mpikisano, musayembekezere kupeza chubu kumeneko, nyamulani anu atatu ndi tayala limodzi lopinda. Onaninso mavavu. Machubu ena ali ndi vavu yonenepa ngati ya galimoto, ena yopyapyala, ndipo pampu imodzi siigwira onse pokhapokha ili ya mitu iwiri. Yesani pampu ya gulu pa njinga iliyonse musanachoke.

Sabata imodzi ulendo usanachitike, njinga zonse zipite kwa makaniko. Aone mabuleki ndi mawaya ake, akunge masipoko, athire gilizi m'mahabu ndi pa mapedulo, ndipo tcheni chimene chatha achisinthe. Nditi sabata imodzi, osati dzulo lake, kuti mupeze mpata woyendetsa njingayo mukaitenga n'kuona ngati china chasiyidwa cholekeza. Chishalo chikwezedwe kufikira mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi. Anthu ambiri amapalasa chishalo chili pansi kwambiri, ndipo pa ulendo wa masiku angapo mawondo ndi amene amalipira. Musagule chishalo chatsopano kutatsala masiku ochepa, pitani ndi chimene thupi lanu lidazolowera.

M'chikwama cha gulu mukhale masipanala, makiyi a alen, sulushoni ndi zigamba zambiri, zitsulo zochotsera tayala, chida chodulira tcheni, mawaya a mabuleki ndi a magiya, masipoko angapo, mafuta a tcheni ndi malamba a mphira odula ku chubu chakale omangira chilichonse chimene chamasuka. Aliyense payekha akhale ndi helemeti, belu lolira, nyale ya kutsogolo ndi yofiira ya kumbuyo, ndi chovala chowala chooneka patali. Katundu akhale pa keliyala, osati kumsana. Chikwama cha kumsana pa dzuwa la kunyanja chimatentha, chimapweteketsa mapewa, ndipo chimakanikizira munthu pa chishalo.

Galimoto yoperekeza ndi thumba la ndalama

Ngati gulu lingathe, pezani pikapu imodzi yonyamula katundu, madzi ndi munthu amene wafooka. Isamayende pang'onopang'ono kumbuyo kwanu tsiku lonse, chifukwa pa msewu wopapatiza imangosonkhanitsa mzere wa madalaivala okwiya amene pambuyo pake amapitirira mosasamala. Izitsogola makilomita 15 kapena 20, n'kuima pa mthunzi kudikira. Mafuta ithire pa Salima, pa Nkhotakota ndi pa Dwangwa thanki isanatsike, poti mafuta kuno kwathu amatha kusowa mosayembekezereka. Popanda galimoto ulendo umathekabe, koma chepetsani katundu ndipo vomerezani kuti wodwala adzakwezedwa matola pamodzi ndi njinga yake, mnzake mmodzi n'kumuperekeza.

Ndalama za chakudya, malo ogona ndi mafuta zisonkhedwe musananyamuke, ndi zina zapadera zodikira ngozi. Zina zikhale pa Airtel Money kapena Mpamba, zina m'manja, makamaka zing'onozing'ono zogulira nthochi ndi kulipira womata chubu. Mabanki odalirika ali pa Salima, Nkhotakota, Dwangwa ndi Nkhata Bay. Malo ogona aimbireni foni nthawi ikadalipo, ndipo funsani zinthu ziwiri: ngati muli masikito, komanso ngati pali chipinda chokhoma chosungira njinga.

Mayendedwe a pa msewu

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene pali moyo wa anthu. M5 m'madera ambiri ndi yopapatiza, phula lidadyeka m'mbali, ndipo pamene phula lathera pamakhala kaphompho kogwera mu mchenga. Pamsewu pomwepo pamadutsa mabasi a ku Mzuzu, malole, maminibasi othamangira makasitomala ndi njinga zamoto za kabaza. Zigawo zina zakhala zikukonzedwa, choncho funsani madalaivala a pa depoti ya Salima za mmene msewu ulili sabata imeneyo ndi pamene pali njira zapambali za fumbi.

Yendani kumanzere, mu mzere umodzi, osati awiriawiri mukucheza. Pakati pa njinga ndi njinga pakhale mpata wokwana njinga ziwiri, kuti wakutsogolo akagwira buleki mwadzidzidzi chifukwa cha mbuzi, wakumbuyo asamugunde. Mukakhala oposa 8, dzigaweni magulu awiri otalikirana mamita 100 kapena kuposa, kuti galimoto ipitirire gulu limodzi, ilowe pakati, kenako ipitirire linalo.

Gwirizanani mawu ochepa ofuula, ndipo aliyense akamva azibwereza kuti afike kumapeto kwa mzere. Wakumbuyo akaona galimoto afuule kuti “Galimoto!”, ikakhala yaikulu ati “Lole!” Wakutsogolo akaona dzenje afuule “Dzenje!” akuloza ndi dzanja mbali imene lili. Poima akweze dzanja. Ndipo pakhale mawu amodzi, “Tsikani!”, amene akamveka aliyense amachoka pa phula nthawi yomweyo osafunsa. Mawu amenewa ndi a nthawi imene lole ikubwera kumbuyo pamene ina ikubwera kutsogolo. Pamenepo malo a njinga palibe, ndipo kunena kuti nanunso muli ndi ufulu pa msewu sikungakuthandizeni. Potsika pa phula chepetsani liwiro kaye, musakhote mwamphamvu mu mchenga, ndipo pobwerera imani, muyang'ane, mukwere bwino. Anthu ambiri amagwa pofuna kubwerera pa phula akuthamanga, tayala lakutsogolo n'kukodwa m'mphepete.

Milatho ina ya msewu umenewu ndi yodutsa galimoto imodzi. Musanalowe pa mlatho wotere, gulu lonse liime, lisonkhane, lione kuti mbali zonse kulibe kanthu, n'kuwoloka pamodzi. Musaime pakati pa mlatho kuti mujambule zithunzi. Wolokani, ikani njinga pambali, mubwerere wapansi.

M'midzi chepetsani liwiro. Ana amathamangira kumsewu akaona gulu la njinga, amayi amayanika chinangwa ndi mpunga m'mphepete, nkhuku ndi mbuzi sizidziwa belu. Musaponyere ana maswiti kapena ndalama muli pa njinga, chifukwa mawa adzathamangira galimoto. Pa marodibuloko a apolisi imani, perekani moni, ndipo aliyense akhale ndi chiphaso chake pafupi. Mahedifoni m'makutu ayi, mowa masana ayi, ndipo mdima ukakupezani panjira pa chifukwa chilichonse, imani pa malo oyandikira, musakakamire.

Ulendo wake, tsiku ndi tsiku

Fikani ku Salima dzulo lake. Kuchokera ku Lilongwe pa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo ngati mwafika msanga, Senga Bay ili pa makilomita 20 okha, pabwino poyesera njinga komaliza ndi kuona nyanja.

Kuiona kumeneko n'kofunika, chifukwa pali chinthu chimene gulu liyenera kuuzidwa lisanakhumudwe: masiku awiri oyamba nyanja simuiona kwenikweni. Kuchokera pa mphambano ya Kaphatenga kulowera kumpoto, msewu umadutsa kumtunda, pakati pa minda, milambe ndi midzi, nyanja ili makilomita angapo kudzanja lamanja. Kukongola kumene anthu amakamba kumayamba mukapitirira Dwangwa. Choncho musathere mphamvu ndi masiku anu kumwera kuno.

Salima mpaka Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 110. Gulu lolimba, lokhala ndi galimoto ndi mwera kumsana, limatha tsiku limodzi. Kwa gulu loyamba kumene ine ndimati gawani pawiri, mugone pa Benga, pafupifupi pakati pa njira. Malo ogona pamenepo ndi ochepa, konzeranitu. Tsiku lachiwiri mudzafika pa Chia, thamanda lalikulu lolumikizana ndi nyanja kudzera pa kamtsinje kamene msewu umawoloka. Pamlatho pamakhala ogulitsa nsomba zaziwisi ndi zowamba, ndipo ndi malo abwino opumirapo nthawi yaitali, poti boma la Nkhotakota latsala pafupi.

Pa Nkhotakota fikani masana kuti muyende wapansi madzulo. Tauniyi inali likulu la a Jumbe, amalonda achiswahili amene kuyambira m'zaka za m'ma 1840 ankawolotsa akapolo ndi minyanga pa nyanja kupita kugombe la kum'mawa. Mtengo umene David Livingstone adakumanirana ndi Jumbe mu 1863 umasonyezedwabe pafupi ndi mishoni ya Anglican ndi chipatala cha St Anne's. Gulu likafika pamenepo likhale kaye pansi, wina afotokoze, makamaka ngati muli ndi achinyamata. Kumadzulo kwa tauni kuli nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mu 2015 n'kusamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Mukafuna kukaona, siyani njinga, mupite pa galimoto ndi owongolera alendo a kumeneko.

Tsiku lachitatu, Nkhotakota mpaka Dwangwa, ndi makilomita osakwana 60, osalala. Mudzawoloka mtsinje wa Bua, umene mpasa zimakwera kukaswana, kenako minda ya mpunga, kenako nzimbe za Illovo mbali zonse. Juni ndi Julayi ndi nyengo yodula nzimbe, choncho samalani ndi mathirakitala ndi malole onyamula nzimbe, komanso zidutswa zogwera pa msewu zimene zimaterera. Dwangwa ndi malo a piringupiringu, ndipo ndi pomaliza pogula zipangizo za njinga zochuluka ndi kutapa ndalama musanalowe chigawo chachitali. Amene ali ndi mphamvu angapitirire pang'ono kukagona ku Ngala, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, n'kufupikitsa tsiku lotsatira.

Tsiku lachinayi ndilo mwadzera. Dwangwa mpaka Kande ndi makilomita pafupifupi 80, tsiku lalitali, koma mapiri a Viphya amayandikira kumanzere, nyanja imatulukira kumanja, ndipo msewu umayamba kukwera ndi kutsika pang'onopang'ono pakati pa mitengo yobiriwira ngakhale m'chilimwe, poti dera limeneli limalandira mvula yambiri. Mukawoloka Dwambazi mwalowa m'boma la Nkhata Bay, chigawo cha kumpoto, kwa Atonga. Chichewa amamva, koma moni wa “Mwe uli?” umatsegula nkhope za anthu. Cha ku Tukombo ndi Kachere mudzaona magombe a mchenga woyera, mabwato atakokedwa kumtunda, usipa uli pa matandala. Nyamukani molawirira kuposa masiku onse kuti mukhale ndi nthawi yoima kawirikawiri. Tsiku limeneli wotsogolera asamangoyang'ana wotchi. Nthawi zina patali pa nyanja pamaoneka ngati utsi wakuda ukukwera kumwamba. Si moto, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi tambirimbiri, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja amatigwira n'kupanga ndiwo.

Tsiku lachisanu pumulani pa Kande kapena pa Chintheche. Musalichotse tsikuli pofuna kupulumutsa ndalama, chifukwa zitunda zili kutsogolo, ndipo njinga nazo zimafuna kutsukidwa tcheni ndi kukungidwa. Pakati pa malo awiriwa pali Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia motsogozedwa ndi Robert Laws adasamukira mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, asanakwere ku Khondowe mu 1894. Tchalitchi chakale chilipo, ndipo ku Makuzi kuli manda a amishoni amene malungo adawatenga akadali achinyamata. Ndi mtunda waufupi, wopalasa opanda katundu. Madzulo idyani kondowole ndi nsomba ya batala ngati yapezeka, koma amene sadazolowere kondowole ayambe ndi pang'ono, mawa kuli ulendo.

Tsiku lomaliza, Kande mpaka Nkhata Bay, ndi makilomita pafupifupi 55, kapena 40 ngati mwagona pa Chintheche. Mukawoloka Luweya msewu umasiya nyanja n'kulowa m'zitunda. Mudzadutsa m'munda wa mphira wa Vizara, mitengo italiitali yondandalikana, mthunzi wozizira, ndi anyamata ogulitsa mipira yoluka ndi mphira m'mbali mwa msewu. Pa zitunda gulu limamwazikana, zimenezo n'zosapeweka, koma lamulo likhale lakuti onse adikirana pamwamba pa chitunda chilichonse chachikulu, ndipo wofika pomaliza apatsidwe nthawi yake yopuma. Osati iye akungofika, enawo n'kunyamuka. Kukankha njinga si manyazi. Pa mphambano ya ku Mzuzu khoterani kumanja, ndipo makilomita ochepa otsalawo ndi otsetsereka mpaka kudoko. Yesani mabuleki musanayambe kutsika, talikiranani, ndipo gwirani mabuleki onse awiri mosinthanasinthana ndi kuwasiya, kuti malimu asatenthe. Pafupi ndi doko pali chikumbutso cha anthu amene adaphedwa ndi asilikali a atsamunda pa 3 Malichi 1959, tsiku limene timalikumbukira chaka chilichonse.

Madzi, chakudya ndi nyanja

Imwani musanamve ludzu, pang'onopang'ono, pafupifupi theka la lita pa ola, kuonjezerapo kukatentha. Aliyense anyamule malita awiri. Mijigo ilipo m'midzi yambiri, pemphani mwaulemu ndipo dikirani pa mzere ngati mwapeza amayi akutunga. Madzi amene mukuwakayikira thiranimo mankhwala a klorini. Thukuta limachotsa mchere m'thupi, choncho botolo limodzi pa tsiku likhale la Thanzi ORS, kapena sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Munthu akayamba mutu, chizungulire, nseru kapena kuyankha zosokonekera, muikeni pa mthunzi, mumuthire madzi, amwe, ndipo tsiku limenelo asapalasenso. Ngati sakusintha, thamangirani naye kuchipatala. Zipatala za boma zikuluzikulu zili pa Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, ndipo pa Chintheche palinso china.

Mmawa idyani phala, tiyi ndi mbatata kapena chinangwa musananyamuke. M'njira muzidya kanthu ola lililonse: nthochi, mtedza, zitumbuwa, mandasi, thobwa. Nsima yambiri masana imalemeretsa thupi, isungireni madzulo.

Malungo kunyanja ndi a chaka chonse. Gonani m'masikito, valani zamanja aatali madzulo, ndipo amene watentha thupi pa ulendo kapena atabwerera akayezetse tsiku lomwelo. Posamba m'nyanja funsani eni dera malo abwino. Pewani pamene mtsinje ukulowa m'nyanja ndi pa mabango, chifukwa ndi malo a ng'ona ndi mvuu, komanso nkhono zofalitsa likodzo zimakonda madzi odekha oterowo. Musasambe kukada, ndipo mwera ukakalipa mafunde ake si oseweretsa ngakhale kwa wodziwa kusambira. Amene mwasamba m'nyanja, pakatha miyezi iwiri pitani kuchipatala mukafunse za likodzo. Mankhwala ake a praziquantel sagwira bwino nyongolotsi zikadali zazing'ono, n'chifukwa chake kumwa tsiku lobwerera sikuthandiza.

Pobwerera

Musakonze zobwerera pa njinga, mwera udzakhala kumaso. Njira yachidule ndi kukweza njinga pa galimoto yanu kapena pa basi yodzera M5. Amene miyendo ikuwalolabe akhoza kukwera ku Mzuzu, makilomita osakwana 50 koma okwera mamita pafupifupi 800, n'kukakwera basi ya pa M1 kumeneko. Limeneli likhale tsiku lapadera la odzipereka okha, ndipo anyamule juzi. Palinso sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951 ndipo imaima pa Nkhata Bay polowera kumwera kudzera ku Likoma. Imanyamula njinga, koma masiku ake amasintha, ndipo nyengo ya mwera nyanja imawinduka, choncho funsani ku ofesi ya padoko musanadalire.

Pokweza njinga pa basi kapena minibasi, gwirizanani mtengo wa njinga iliyonse isanakwezedwe. Masulani mapedulo, tembenuzani handulo igone motsata felemu, kulungani magiya a kumbuyo ndi katoni kapena chitenje chakale, ndipo mbali ya tcheni iyang'ane kumwamba. Mmodzi wa inu aimirire pomwepo mpaka zingwe zitamangidwa, awerenge njinga, ndipo awerengenso pa siteji iliyonse imene katundu akutsitsidwa.